Mlendo wa m'foni

Kudziwana ndi munthu wakutali

Kale anthu ankadziwana pamaso. Mwana ankapeza anzake m'mudzi, kudambo kobusa ng'ombe, kudimba ndi kusukulu. Makolo ankadziwa bwenzi la mwana wawo, ankadziwanso mayi ndi bambo a bwenzilo. Munthu wakutali ankamveka kudzera m'kalata. Amuna amene adapita kukagwira nchito ku migodi ya ku Joni kapena m'minda ya fodya ya ku Zimbabwe ankalembera akazi awo makalata, ndipo kalata imodzi inkayenda masabata angapo.

Lero zinthu zidasintha. Mafoni a m'manja adayamba m'dziko la Moçambique m'caka ca 1997 ndi kampani ya mcel, imene pambuyo pake idaphatikizana ndi TDM n'kukhala Tmcel. Vodacom idabwera m'caka ca 2003, Movitel m'caka ca 2012. Tsopano foni imagwira m'midzi yambiri ya ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi m'mbali mwa nyanja ku Niassa. Munthu akagula mamega amalowa pa intaneti. Intaneti ndi njira yolumikiza mafoni ndi makompyuta a pa dziko lonse, kuti anthu azitumizirana mawu, zithunzi ndi mavidiyo.

Pa intaneti pali malo amene anthu amasonkhana n'kumaceza. Facebook idayamba m'caka ca 2004, WhatsApp m'caka ca 2009. Palinso masewera amene anthu awiri amasewera pamodzi, wina ali ku Tete, wina ali ku Brasil. M'malo otere munthu amapeza anzake amene sadawawonepo. Amalemberana tsiku ndi tsiku. Amawuzana za kusukulu, za mpira, za mvula ndi za mavuto a panyumba. Pakapita miyezi, wina amafunsa kuti: «Kodi tidzawonana liti?»

Kufuna kuwonana ndi bwenzi si cinthu coyipa. Ubwenzi wa pa foni ukhoza kukhala weniweni. Koma munthu amene sadawonedwepo ndi maso akadali mlendo, ngakhale atalemba mawuthenga cikwi. Ndipo mlendo ali ndi kalandiridwe kake.

Zimene foni imabisa

Munthu akamalembetsa pa Facebook, amalemba yekha dzina lake, zaka zake ndi kumene amakhala. Palibe mfumu kapena mphunzitsi amene amacitira umboni kuti zimene walembazo n'zowona. Malamulo a Facebook amati munthu wosakwana zaka 13 asalembetse, koma ana ena amawonjezera zaka zawo. Ngati mwana angathe kuwonjezera zaka, munthu wamkulu angathenso kucepetsa zake. Bambo wa zaka 40 akhoza kulemba kuti ali ndi zaka 16.

Cithunzi naconso sicitsimikiza kanthu. Munthu amatha kutenga cithunzi ca wina n'kuciyika pa dzina lake. Masiku ano kuli mapulogalamu a pa kompyuta amene amapanga nkhope ya munthu amene kulibe, ndi ena amene amatsanzira mawu a munthu. Kuyimbirana pa vidiyo kumathandiza, cifukwa nkhope imawoneka ikuyankhula. Komabe za mumtima siziwoneka pa vidiyo.

Pa foni munthu amakhala ndi nthawi yosankha mawu. Amafufuta zoyipa n'kutumiza zokoma zokhazokha. Akulu adati: cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambiwu sukunena kuti nkhuyu zonse zili ndi nyerere ayi. Ukunena kuti nkhuyu imang'ambidwa kaye isanadyedwe.

Nkhani ziwiri zotsatirazi zidacitikadi. M'nkhani zonse ziwiri, anthu odziwana patali adakumana, ndipo adakumana bwino.

Mnyamata wa ku New York ndi gogo wa ku Florida

M'caka ca 2016 mnyamata wina wa ku America ankakonda masewera a pa foni amene dzina lake ndi Words With Friends. M'masewerawa anthu awiri amapikisana kupanga mawu a Cingelezi ndi zilembo zimene apatsidwa. Tsiku lina masewerawo adamusankhira munthu wosamudziwa woti asewere naye. Munthuyo adali mayi wokalamba wa ku Florida, cigawo ca kumwera kwa dzikolo.

Adasewera kamodzi, kawiri, mpaka masewera adapitirira 300. Pakati pa masewera ankalemberana. Mnyamata ankafotokoza za nyimbo zimene ankapeka ndi za maganizo ake osamukira mu mzinda wa New York. Gogo ankamulimbikitsa. Mnyamata adali wakuda, gogo adali mzungu. Pofika m'caka ca 2017 mnyamata adali ndi zaka 22, gogo adali ndi zaka 81.

Atasamukira ku New York, mnyamatayo adawuza anzake za gogo wa ku Florida. Amayi a mmodzi wa anzakewo adamva nkhaniyo. Amayiwo adali abusa Amy Butler, amene pa nthawiyo ankatsogolera chalichi ca Riverside mu mzindawo. Abusa sadathamangire kugula matikiti a ndege. Poyamba adapempha mnyamatayo kuti awalumikize ndi gogoyo, ndipo amayi awiriwo adayankhulana pa foni. Atakambirana, abusa adakonza ulendo.

M'mwezi wa Disembala 2017 abusa ndi mnyamata adakwera ndege kupita ku West Palm Beach. Mtundawo ndi wa makilomita oposa 1500, pafupifupi ngati msewu wocokera ku Tete kukafika ku Maputo. Abwenzi awiriwo atawonana adakumbatirana. Adadya pamodzi cakudya camasana, n'kuyendayenda mu mzinda, abusa ali nawo. Zithunzi za tsikulo zidafalikira pa intaneti, ndipo anthu oposa miliyoni imodzi adasonyeza kuti azikonda.

Makalata a ku Mutare

Nkhani yaciwiri idayamba mafoni asanafalikire. M'caka ca 1997 mphunzitsi wa pa sukulu ina ya ku Pennsylvania, ku America komweko, adawuza ana a m'kalasi mwake kuti aliyense asankhe dziko lakutali ndi kulembera kalata mwana wa kumeneko. Mtsikana wa zaka 12, dzina lake Caitlin, adasankha Zimbabwe. Kalata yake idafika ku Mutare, mzinda umene uli pafupi ndi malire a Machipanda, m'cigawo ca Manica. Amene adayilandira adali Martin Ganda, mnyamata wa zaka 14 wa ku Sakubva, wa m'banja losawuka.

Awiriwa adalemberana kwa zaka 6 osawonana. Zinthu zitavuta m'banja mwawo, Martin adasowa ndalama za sukulu, n'kuyamba kunyamula katundu wa anthu pokwerera basi. Nthawi ina adasowa ndi pepala lomwe. Adalemba kalata pa pepala lokulungira ayisikilimu limene adatola.

Poyamba Caitlin ankayika ndalama zake zocepa m'kalata osawuza munthu. Koma adawona kuti vutolo lidali lomukulira. Adatenga makalata n'kuwonetsa makolo ake. Kuyambira pamenepo nkhaniyo idakhala m'manja mwa akuluakulu. Amayi ake adalumikizana ndi sukulu ya Martin, banja lidalipira ndalama za sukulu, ndipo pambuyo pake amayiwo adavutika kumufunira malo pa yunivesite.

M'caka ca 2003 Martin adapatsidwa malo pa yunivesite ya Villanova. Adatsika ndege ku Philadelphia, ndipo Caitlin ndi acibale ake adali pa bwalo la ndege kumudikira. Limenelo lidali tsiku loyamba kuwonana maso ndi maso. M'caka ca 2015 Martin Ganda ndi Caitlin Alifirenka, mothandizidwa ndi mlembi Liz Welch, adatulutsa buku lofotokoza za ubwenzi wawo. Dzina la bukulo ndi I Will Always Write Back.

Malonje

Nkhani ziwirizi n'zosiyana. Ina idayenda pa foni, ina pa kalata. Koma zikufanana pa zinthu zinayi. Coyamba, abwenziwo sadafulumire: ena adadikira kupitirira caka, ena zaka 6. Caciwiri, pofika tsiku lokumana ubwenzi wawo udali wodziwika kwa anthu ena. Cacitatu, padali munthu wamkulu amene adayamba wafufuza. Cacinayi, adakumana poyera, anthu ena alipo.

Nzeru imeneyi si yacilendo kwa Acewa, Anyanja ndi Angoni. Mlendo akafika pamudzi salowera kuseri kwa nkhokwe. Amayima pabwalo n'kunena kuti: «Odi!» Eni nyumba amamuyankha, amamuyalira mphasa, amamupatsa moni. Kenaka pamakhala malonje. Mlendo amafotokoza kumene wacokera, kuti ndi mwana wa yani, ndiponso cimene wadzera. Akafuna kukhala masiku, amfumu amadziwitsidwa. Ngakhale pa nkhani ya ukwati, mnyamata ndi mtsikana samangotengana. Ankhoswe a mbali ziwiri amayamba adziwana.

Malonje sanyoza mlendo. Amateteza eni mudzi, amatetezanso mlendoyo. Mlendo akadwala usiku, mudzi umadziwa kotumiza uthenga. Mbuzi ikasowa, anthu safulumira kumunamizira, cifukwa kwawo n'kodziwika. N'cifukwa cake mlendo wabwino sakana malonje. Amene amawakana ndi amene ali ndi cobisa.

Bwenzi la pa foni nalonso liyenera kucita malonje. Liyenera kuchula dzina lake lonse, mudzi kapena mzinda wake, sukulu yake kapena kumene limagwira nchito, ndi munthu wamkulu amene angalicitire umboni. Zimenezi zimafunsidwa tsiku lokumana lisanafike. Ndipo mwana sacita malonje yekha. Pamudzi malonje amalandiridwa ndi akuluakulu, conco pa foni ziyenera kuteronso.

Mlendo wodzera kuseri

Anthu ena amagwiritsa nchito ubwenzi ngati nyambo. Ena amafuna ndalama. Ena amafuna kugona ndi ana. Ena ndi ogulitsa anthu: amatenga acinyamata kupita nawo kutali kukawagwiritsa nchito yakalavulagaga kapena uhule. Atsikana ndi anyamata omwe amagwa m'msampha umenewu.

M'caka ca 2008 atsikana atatu a ku Maputo adalonjezedwa nchito m'nyumba yokonzera tsitsi ku South Africa. Atafika ku Pretoria adasungidwa m'nyumba n'kumakakamizidwa kugona ndi amuna. Mayi amene adawatenga adamangidwa, ndipo m'caka ca 2011 bwalo la milandu la ku Pretoria lidamugamula kuti akhale m'ndende moyo wake wonse. Atsikana amenewa adanamizidwa pamaso. Lero malonjezo a mtundu womwewo amafikanso pa foni, kudzera mwa munthu amene amayamba ngati bwenzi.

Dziko la Moçambique lili ndi malamulo oteteza ana. M'caka ca 2008 lidakhazikitsa lamulo la nambala 6/2008 loletsa kugulitsa anthu, makamaka amayi ndi ana. M'caka ca 2019 lidakhazikitsa lamulo la nambala 19/2019 loletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18. Koma lamulo limalanga munthu akalakwa kale. Cimene cimateteza mwana tsoka lisanagwe ndi kuzindikira zizindikiro.

Mlendo wodzera kuseri amadziwika ndi makhalidwe awa:

1. Amanena kuti: «Usawuze munthu, nkhaniyi ndi ya awiri.»
2. Amafulumiza, ndipo amakwiya akawuzidwa kuti adikire.
3. Amakana kuyimba pa vidiyo, amakananso kuyankhula ndi makolo.
4. Amapempha ndalama pa M-Pesa kapena pa e-Mola, kapena amafunsa nambala yacinsinsi ya foni.
5. Amatumiza ndalama zoyendera n'kunena kuti mwanayo abwere yekha.
6. Amapempha zithunzi zosavala. Akazilandira amayamba kuwopseza kuti aziwonetsa kwa anthu.
7. Amalonjeza nchito, foni yatsopano, sukulu yakunja kapena ukwati.
8. Amasintha malo okumanirana nthawi itatha kale, n'kuchula nyumba yogona alendo, nyumba ya mnzake kapena m'galimoto.
9. Amafuna kusunga ciphaso ca B.I. kapena pasipoti ya mnzake.

Cizindikiro cimodzi cokha n'cokwanira kuti ulendo uyimitsidwe. Pa zizindikiro zonsezi, cacikulu ndi coyamba cija. Bwenzi lenileni silitaya kanthu makolo akadziwa.

Citsanzo ca kukambirana

Mtsikana wa zaka 16 wa ku Ulónguè akuyankhula ndi amalume ake.

Mtsikana: Amalume, ndili ndi mawu.

Amalume: Khala pansi, mwanawe. Kwagwanji?

Mtsikana: Ndili ndi mnzanga wa ku Tete, mtsikana ngati ine. Tidadziwana pa WhatsApp, m'gulu la ana okonda masamu. Akubwera kuno Loweruka, ndiye akufuna kuti tiwonane.

Amalume: Mudadziwana liti?

Mtsikana: Papita miyezi 8.

Amalume: Ndi mwana wa yani?

Mtsikana: Dzina la makolo ake sindilidziwa.

Amalume: Nkhope yake udayiwona?

Mtsikana: Pa cithunzi pokha.

Amalume: Ndiye umupemphe zinthu ziwiri. Akuyimbire pa vidiyo madzulo ano ine ndilipo. Andipatsenso nambala ya amayi ake kuti ndiyankhule nawo.

Mtsikana: Nanga akakhumudwa, amalume? Aganiza kuti sindimukhulupirira.

Amalume: Amayi akenso ali ndi nkhawa ngati yangayi. Iwo sakukudziwa. Kwa iwo mlendo ndiwe.

Mtsikana: Nanga akakana?

Amalume: Akakana, Loweruka tikhala kudimba. Akavomera, ndikuperekeza ndine. Mukakumane pamsika dzuwa lili pamutu. Ine ndizikagulitsa kacewere capafupi, inu muziceza.

Mtsikana: Zikomo, amalume. Ndimulembera tsopano lino.

Amalume aja sadalande foni, sadamukalipirenso mwanayo. Akadatero, ulendo wina mtsikanayo akadapita mobisa. Mwana amawulula za abwenzi ake kwa munthu wamkulu amene amamvetsera.

Tsiku lokumana

Malonje akatheka, tsiku limasankhidwa. Malo abwino ndi pamene pali anthu ambiri: pamsika, pabwalo la mpira, pachalichi, pamzikiti kapena pakhonde la nyumba makolo alipo. Nthawi yabwino ndi masana. Mwana wosakwana zaka 18 amapita ndi munthu wamkulu wa m'banja mwake. Ngakhale munthu wamkulu amacita bwino kutenga mnzake, monga adacitira mnyamata wa ku New York.

Wopita kukakumana amasiya mawu kunyumba: kumene akupita, dzina ndi nambala ya foni ya bwenzilo, ndi nthawi yobwerera. Amawonetsetsa kuti foni ili ndi moto ndi kredito. Amatenga ndalama zake zobwererera, kuti asadalire mlendo pa ulendo wobwerera. Salowa m'galimoto ya munthu amene wangomuwona kumene. Salandira cakumwa cotsekula kale. Akapeza munthu wosiyana ndi wa pa cithunzi, kapena wamkulu kuposa zaka zimene adachula, amabwerera nthawi yomweyo. Safunika kupepesa kapena kufotokoza.

Nthawi zambiri bwenzi limakhala lomwelo limene linkalemba. Komabe mphindi zoyamba zimakhala zovuta. Anthu amene ankalemberana mpaka usiku amasowa conena. Wina amawoneka wamfupi kuposa pa cithunzi. Wina ndi wamanyazi, pamene pa foni adali wanthabwala. Wina amayankhula Cinyanja ca kunyanja, mnzake ca ku Angónia, ndipo mawu ena amawaseketsa. Zimenezi si bodza ndipo si cizindikiro coyipa. Manyazi amatha anthu akayamba kucitira cinthu pamodzi, monga kudya, kuwonera mpira kapena kuyendayenda pamsika. Kuwona maso a nkhono n'kudekha.

Nthawi zina abwenzi amapeza kuti pamaso sagwirizana monga pa foni. Amatsanzikana mwaulemu, aliyense n'kubwerera kwawo. Nthawi zina ubwenzi umakula. Pamenepo ulendo waciwiri umakhala wosavuta, cifukwa mabanja awiri adziwana kale.

Kumene kuli thandizo

Mwana amene akuwopsezedwa pa foni, kapena amene wacitiridwa coyipa atakumana ndi munthu, sali wolakwa. Wolakwa ndi amene adamunamiza. Mwanayo asafufute mawuthenga, cifukwa ndiwo umboni. Asatumizenso ndalama kapena zithunzi zina. Awuze kholo, mphunzitsi, amfumu kapena munthu wina wamkulu amene amamukhulupirira.

M'dziko la Moçambique muli nambala yaulere ya 116, ya bungwe la Linha Fala Criança, imene ana ndi akulu amayimba pofuna thandizo pa nkhani za ana. Ku Malawi nambala yothandiza ana ndi 116 yomweyo. Kupolisi kuli ofesi yolandira mabanja ndi ana ocitiridwa nkhanza, imene pa Cipwitikizi imachedwa Gabinete de Atendimento. Mwana wovulazidwa apite naye kucipatala msanga, tsiku lomwelo ngati n'kotheka, cifukwa mankhwala oteteza ku kacilombo ka HIV amagwira nchito akayambidwa maola 72 asanathe.

Mawu oyenera kuwadziwa

Intaneti: njira yolumikiza mafoni ndi makompyuta a pa dziko lonse.

Malonje: mawu amene mlendo amafotokoza akafika, onena za kumene wacokera ndi cimene wadzera.

Nkhoswe: wacibale amene amayimira munthu pa nkhani ya ukwati.

Nyambo: cakudya coyika pa mbedza kapena pa msampha, cinthu cokoma cokopera munthu.

Umboni: cinthu kapena mawu otsimikiza kuti nkhani ndi yowona.

Nchito yakalavulagaga: nchito yowawa imene munthu amagwira mokakamizidwa.

Kugamula: kupereka cigamulo pa mlandu.

Mafunso

1. Kodi mafoni a m'manja adayamba caka canji m'dziko la Moçambique?
2. Cifukwa ciyani cithunzi sicitsimikiza kuti munthu ndi yemweyo?
3. Kodi abusa Amy Butler adacita ciyani asanakonze ulendo wa ku Florida?
4. Kodi Caitlin adacita ciyani atawona kuti vuto la Martin lamukulira?
5. Chulani zinthu zinayi zimene nkhani ziwirizi zikufanana.
6. Kodi malonje amamuteteza bwanji mlendo?
7. Amalume adati: «Kwa iwo mlendo ndiwe.» Kodi ankatanthawuza ciyani?
8. Chulani zizindikiro zisanu za mlendo wodzera kuseri.
9. Kodi mwana amene akuwopsezedwa pa foni acite ciyani?

Nchito

1. Awiriawiri, werengani mokweza kukambirana kwa mtsikana ndi amalume ake. Kenaka pekani kukambirana kwina, kwa mnyamata ndi agogo ake aakazi.
2. Funsani munthu wamkulu wa kwanu m'mene malonje amacitikira m'mudzi mwanu. Lembani ziganizo zisanu.
3. Fotokozani tanthawuzo la miyambi iyi, ndipo munene m'mene ikugwirizanira ndi phunziroli: «Safunsa adadya phula», «Mutu umodzi susenza denga.»
4. Lembani uthenga waufupi woyankha bwenzi limene lapempha kuti mukumane mobisa. Uthengawo ukhale waulemu, koma wokana.
5. Pa mapu a dziko lonse, pezani Tete, Maputo, Mutare, Pretoria, Philadelphia ndi New York.
6. Lembani pa Cipwitikizi mawu awa: bwenzi, mlendo, kalata, msika, lamulo.